Musanagule bulu, konzani malamba m'malo mwa goli

Alimi ambiri a ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano akagulitsa mbatatesi amaganiza zogula abulu ndi ngolo, kuti asamalipirenso aganyu otuta katundu kuchoka kudimba. Maganizowo ndi abwino. Bulu ndi wotsika mtengo kuyerekeza ndi ng'ombe yapangolo, amapirira, ndipo mukamusamala atha kukhala zaka zoposa 25. Chimene chimandiwawa ine ndikamayendera alimi ndi zilonda zam'khosi, zobwera chifukwa chomanga abulu pagoli la ng'ombe.

Ng'ombe ili ndi linunda komanso khosi lalifupi lonenepa, choncho goli limapeza pokhazikika. Bulu alibe linunda, khosi lake ndi lalitali, ndipo mphamvu zake zokokera zili pachifuwa ndi m'mapewa. Mukamuika goli, mtengowo umanyula khungu, kulemera kwa ngolo kumatsamira pakhosi, iye n'kumayenda chozyolika. Mwini wake amati ndi waulesi, n'kutenga chikwapu, pamene nyamayo ikumva ululu.

Ndiye bulu asanafike pakhomo, malamba akhale atasokedwa kale. Woyamba ndi lamba wapachifuwa, wotambalala ngati zala zinayi, wa chinsalu cholimba cha tenti kapena chikopa, wokutidwa ndi nsalu yofewa mbali yokhudza thupi. Adutse pamwamba pang'ono pa mfundo za mapewa koma asakanikize kholingo. Wachiwiri ndi wapamsana, wokhala ndi katsamiro mbali zonse ziwiri kuti fupa la msana lisapanikizike. Ameneyu ndiye asenze kulemera kwa mtengo wa ngolo. Wachitatu, amene ambiri amamuiwala, ndi wodutsa kumbuyo kwa ntchafu. Kuno kwathu ndi kwa zitunda ndi materezi. Popanda lamba ameneyu, ngolo yodzaza matumba ikamatsetsereka imagunda abulu m'miyendo, ndipo ngozi zina zimayambira pamenepo. Telala kapena wosoka nsapato wapamsika atha kukusokerani malambawa mukamuyezera pa bulu wanu. Waya, chingwe cha nayiloni ndi mphira wa tayala wosakuta zisakhudze khungu lake.

Khola likhale ndi denga. Ubweya wa bulu umalowa madzi msanga, ndipo kuzizira kwa Dedza mu June ndi July, kapena mvula yamvumbi, kumamudwalitsa chifuwa. Pansi pakhale pokwera ndi pouma, chifukwa matope osakanikirana ndi ndowe amaoletsa ziboda. Tsiku lililonse tukulani mwendo uliwonse, muchotse timiyala ndi matope.

Pogula, muyang'aneni m'kamwa. Mano akutsogolo achikulire amayamba kutuluka bulu akamayandikira zaka 3, ndipo amakwanira pa zaka 5. Wosakwana zaka 3 musamumange pangolo, mafupa ake sanakhwime. Muyendetseni muone ngati sakutsimphina. Ngati wogulitsayo ali ndi awiri ozolowerana, gulani onse, poti abulu akasiyanitsidwa ena amaleka kudya. Kalata ya amfumu ndi chilolezo cha alangizi a ziweto musaziiwale.

Bulu sabzikula ngati ng'ombe, amadya pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Sungani mapesi, udzu wouma ndi masangwi a mtedza zokwanira mpaka mvula igwe. Madeya mumupatse ochepa, patsiku lomwe wagwira ntchito. Madzi amamwa malita 10 mpaka 20 patsiku, ndipo akuda amawakana ngakhale ali ndi ludzu, choncho mugulireni ndowa yakeyake. Chakudya chogula cha nkhuku komanso chosakaniza ndi urea musamupatse, chingamuphe. Mukaimika ngolo pamsika, onetsetsani kuti sakutola majumbo, chifukwa amatseka matumbo.

Za mankhwala, mvetsetsani apa. Dibi wa ng'ombe wokhala ndi amitraz ndi poizoni kwa abulu ndi akavalo, ndiye werengani pabotolo kapena funsani alangizi musanamupopere nkhupakupa. Chilonda chitsukeni ndi madzi owiritsa ozizira, supuni yaing'ono ya mchere pa theka la lita, ndipo bulu apume mpaka chipole. Oyilo wagalimoto, phulusa ndi asidi wabatire zimangonyeketsa mnofu. Bala lakuya, maka la msomali kuphazi, lionetseni kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo, chifukwa kafumbata amapha abulu.

Bulu amabisa ululu. Mukamuona wangoti zyoli, makutu ali pansi, chakudya osachiyang'ana, musadikire kuti kuche. Itanani alangizi nthawi yomweyo, ndipo pangolo asamangidwe mpaka atamuona.