Musanalumikize magetsi, yenderani miyendo ya FV-1

FV-1 ya kampani ya Spin Semiconductor ndi IC, kachipangizo kakang'ono ka zamagetsi, imene mudzaipeza m'ma pedal ambiri a gitala (timabokosi toponda ndi phazi tosintha kamvekedwe ka gitala) a reverb ndi delay, opangitsa mawu kumveka mobwerezabwereza, amene anthu amadzimangira okha. Ili ndi miyendo 28, mbali iliyonse 14, ndipo kuchokera pakati pa mwendo umodzi kufika pakati pa unzake pali mamilimita 1.27 okha. Kuiwotcherera pa bolodi sikovuta monga ambiri amaopera. Chimene chimapweteketsa anthu ndi phuma lofuna kumva gitala ikulira.

Mukatha kuwotcherera, yambani n'kutsuka. Flux, mankhwala othandiza kuti powotcherera pagwire bwino, ikauma imabisa zambiri, ndiye tengani mswachi wakale ndi isopropyl alcohol, mukweche mpaka pawale. Sipiriti wa pepo uja ine sindimufuna, amasiya utoto. Kenako pezani kadontho ka pangodya ya IC. Pamenepo ndi pa mwendo woyamba, ndipo kayenera kukhala pamene bolodi yasonyeza. Powerenga mumatsata mbali ya kadonthoko mpaka 14, muwoloke tsidya linalo, n'kubwerera mpaka 28.

Maso okha sakwana. Tsegulani kamera ya foni, mukulitse chithunzi, ndipo muyang'ane chammbali osati kuchokera pamwamba. Mwendo wogwira bwino, solder (chitsulo chosungunula chowotcherera) imakwera mosalala kuchokera pa bolodi n'kuukumbatira. Ikangoti tu pamwamba pa mwendo, pansi pali pouma, mwendowo sunagwire. Kusawala kokha kusakudetseni nkhawa, solder yopanda mtovu imaoneka yotuwa ngakhale itagwira. Mukatero tengani singano, mukankhe mwendo uliwonse pang'ono chammbali. Wogwedera mubwerereko.

Tsopano tengani mita yoyesera magetsi, muiike pa continuity, pamene imalira malo awiri akakhala olumikizana. Yesani miyendo yoyandikana iwiriiwiri kuzungulira IC yonse, koma schematic, chojambula chosonyeza kalumikizidwe ka zipangizo, ikhale pafupi chifukwa si kulira konse kumene kuli vuto. Miyendo 24 ndi 25 yonse imapita ku ground, njira imene magetsi amabwerera, 11 ndi 12 chimodzimodzi, choncho pamenepo mita iyenera kulira. Poopsa ndi pa 6, 7 ndi 8: magetsi, ground, magetsi, zoyandikana choncho. Pa 23 ndi 24 ndi momwemonso. Ikalira kamodzi n'kusiya, ndi ma capacitor akudzaza, palibe kanthu. Ikalira osaleka, solder yalumikiza miyendo.

Kuyesa kwachiwiri ndi kumene ambiri amaphonya. Amaika nsonga imodzi ya mita pa mwendo, ina pa solder ya mwendo womwewo, mita n'kulira, iwo n'kukhutira. Pamenepo simunayese kanthu. Nsonga imodzi ikhale pamwamba pa mwendo, pamene ukutulukira m'thupi la IC, inayo muitengere kutali, pa resistor kapena capacitor imene njirayo ikukathera. Ndipo musadinikize! Mwendo wotukuka pang'ono mukaupanikiza umagunda bolodi, mita n'kukunamizani, mukachotsa dzanja n'kutukukanso. Pedal yotero ndi ija imalira bwino pa tebulo n'kumadula mawu mukaiponda.

Pokonza musathamangire kuwonjezera solder. Pakani flux, pukutani nsonga ya chowotcherera, kutentha kukhale cha m'ma 330 °C, mugwire mwendowo masekondi awiri kapena atatu n'kukokera kunja. Solder yowoloka ikakana, iyamwitseni ndi solder wick, kachingwe kolukidwa ka mkuwa koyamwa solder. Mukachedwetsa moto pamalo amodzi, mkuwa wa pa bolodi umamatuka.

Zonsezi zikayenda, lumikizani magetsi. FV-1 imadya mavoti 3.3 kudzera pa regulator, kachipangizo kotsitsa mavoti, osati 9 amene amalowa mu pedal. Kunena zoona, regulator imeneyi ndi bwino kuiyesa IC isanakhale n'komwe pa bolodi. Miyendo 6, 8 ndi 23 iwerenge 3.3, mwendo 3 ukhale pafupi ndi 1.65. Yesani pa capacitor yapafupi, chifukwa nsonga ikaterereka pakati pa 6 ndi 7 magetsi ali mkati, mwalumikiza nokha zimene mumapewa. Regulator ikatentha, zulani chingwe msanga.

Gitala ikamamveka koma reverb kulibe, bwererani ku miyendo 9 ndi 10, kumene kuli crystal ya 32.768 kHz, kachipangizo kopatsa IC liwiro logwirira ntchito. Ngati mapulogalamu akuchokera mu EEPROM ya 24LC32A, IC ina yosungira mapulogalamu, onaninso 14 ndi 15, komanso kuti mwendo 13 ukulandira 3.3. Ukakhala pa ground, IC imasewera mapulogalamu ake asanu ndi atatu a mkati, osati amene munafuna.