Kakonzedwe ka Festival wa ku Jamaica

Ku Jamaica, festival ndi chakudya chokazinga, chotsekemera pang'ono, chimene amadyera pamodzi ndi nkhuku ya jerk (yowotcha itapakidwa tsabola ndi zokometsera zina) kapena nsomba yokazinga, makamaka ku gombe la Hellshire.

Sakanizani kapu imodzi ndi theka ya ufa wa tirigu, theka la kapu ya ufa wa chimanga, masupuni aakulu 3 a shuga, aang'ono 2 a baking powder ndi mchere pang'ono. Eni ake amagwiritsa ntchito ufa wa chimanga chachikasu, komabe mgaiwa wosefa bwino ungalowe m'malo mwake. Ufa woyera sindikuulimbikitsa, pakuti umachotsa kukhakhala kumene kumasiyanitsa festival ndi mandasi.

Thirani mkaka kapena madzi ozizira pang'onopang'ono uku mukukanda, kufikira zonse zitagwirana osamatanso m'manja, kenaka vundikirani kwa mphindi 30. Umbani tizidutswa totalika masentimita 10, tosongoka kunsonga zonse.

Pokazinga ndiye pofunika kusamala kwambiri. Mafuta akhale ochuluka ndipo moto ukhale wapakatikati, chifukwa shuga amapserezetsa kunja msanga m'kati musanapse. Muzitembenuza kwa mphindi 6 mpaka 8 kufikira titafiira, ndipo mudye tikadali totentha.