Mmene Mungakumbukire Tsiku la Ubatizo Wanu

Akhristu ambiri amadziwa tsiku limene anabadwa, koma la ubatizo wawo salidziwa konse. Yambani ndi kuyang'ana pa kadi la ubatizo, ndipo ngati linatayika, pitani ku parishi kumene munabatizidwira, chifukwa dzina lanu linalembedwa m'buku la ubatizo kumeneko.

Tsikulo likafika chaka chilichonse, yatsani kandulo madzulo pamodzi ndi a m'banja mwanu, muwerenge Aroma 6:3-4, kenaka mubwereze malonjezo aja okana Satana ndi ntchito zake zonse, monga timachitira usiku wa Pasaka. Komabe mwambo wokhawu sukwanira ngati simukulankhulanabe ndi mnansi amene munakangana naye pa nkhani ya malire a munda; mupite mukamuone m'mawa mwake, musadikire kuti ayambe ndi iyeyo.