Banga lakuda lobadwa nalo: mmene mungamuyang'anire mwana

Amayi anzanga aku Chikwawa ndi Nsanje, mwana akabadwa ndi banga lakuda kapena lofiirira, mwina laubweya, osathamangira kukatemera mphini ayi. Si ufiti, si zomwe munadya muli oyembekezera. Ndi maselo opanga mtundu wa khungu anangounjikana malo amodzi mwana ali m'mimba. Mabanga ang'onoang'ono ambiri savuta. Aja obiriwira a kumatako amazilala okha.

Lofunika maso ndi lalikulu, lopitirira masentimita 6 pathupi la khanda kapena 9 pamutu, makamaka lakumsana lokhala ndi timabanga tina tambiri tomwazikana. Limeneli nthawi zina limayambitsa khansa yotchedwa melanoma mwana akadali wamng'ono, ndipo imatha kuyambira pansi pa khungu pomwe diso silifika, nchifukwa chake kungoyang'ana sikokwanira, zala zigwire ntchito.

Yambirani kusikelo. Onetsani anamwino, ayeze, alembe mubuku lamwana. Kunyumba jambulani banga pafoni mwezi ndi mwezi, masana panja pamthunzi, mutaika rula pambali kuti muzifananiza. Pomusambitsa sisitani pang'onopang'ono banga lonse kumva ngati muli kachotupa kolimba, mugwirenso m'khwapa ndi mphechepeche kufufuza mwanabere.

Banga kukula limodzi ndi mwana kapena kumera ubweya nzabwinobwino. Koma likatupa mbali imodzi mwachangu, likachita bala losapola, kutuluka magazi, kusintha mtundu pamalo amodzi, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Mwana akamakomoka, kusanza pafupipafupi, liwombo kutukuka kapena mutu kukula modabwitsa, musadikire mawa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa maselo opanga banga aja amatha kukhalanso muubongo.

Kutentha kwathu kuno mukukudziwa, October ku Ngabu kapena Bangula si masewera, ndiye khungu lapabanga lalikulu limauma, kuyabwa komanso silituluka thukuta bwino. Dzozani Vaseline, wengani zikhadabo zake, muvekeni kamalaya kopepuka kophimba banga, kumunda akhale pamthunzi. Mankhwala owotcha kapena kupala ndi lezala chonde ayi, mungomupatsa bala.

Kuhelesenta akaona zokayikitsa pemphani kalata yopita kuchipatala chaboma, kenako ku Queens ku Blantyre. Kumeneko amadula kanyama pang'ono nkukayeza, ndi njira yokhayo yodziwira zoona chifukwa si chotupa chilichonse chili khansa. Akakupatsani deti musaphonye, ndipo ngati mvula yayandikira auzeni adokotala komwe mumakhala, madzi akasefukira misewu imaduka.