Momwe mungaitanitsire galimoto yothamanga ya ku Japan osagula mavuto

Subaru Impreza WRX, Toyota 86, Mazda RX-8 kapena Nissan Fairlady Z si Vitz yopitira kumsika. Amene anaigula koyamba ankafuna liwiro, ndipo ambiri amasinthamo zipangizo. Choncho zithunzi zonyezimira zisakutengeni mtima.

Poyamba, musanakambe za mtengo, pemphani nambala ya chasisi ndi pepala la ku okushoni. Galimoto zambiri za ku Japan zimadutsa m'misika monga USS, komwe woyendera amazipatsa giredi. Ya 4.5 kapena 4 ndi yabwino, ya 3.5 yatopako, pomwe R kapena RA ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Papepalapo pali chojambula cha galimoto chokhala ndi zilembo: A ndi pokalika, U ndi pomwe chitsulo chinalowa mkati, W ndi pomwe anawongola n'kupenta, XX ndi chitsulo chosinthidwa, S ndi C ndi dzimbiri. Nambala yotsatira chilembo ikamakwera, vuto ndi lalikulu. XX pachitseko ine sindida nayo nkhawa kwambiri, koma ikakhala kutsogolo, bonati ndi mbali zonse ziwiri, dziwani kuti inaomba chinthu ili pa liwiro. Mapepalawa ena amawakonza pa kompyuta, ndiye tsimikizani pa intaneti pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi ija.

Kenako makilomita. Ku Japan galimoto yatsopano imakayenderedwa mwalamulo (amati shaken) ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo makilomita a nthawi imeneyo amalembedwa pa export certificate, pepala lotulutsira galimoto m'dzikomo. Ngati pepalalo likunena 120,000 koma mita ikuonetsa 70,000, musiyeni wogulitsayo.

Chachitatu, pemphani vidiyo akuliza injini itazizira, kamera ili ku ekizozi. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa, ndipo pa galimoto ya turbo ndi ndalama zambiri. Ajambulenso kunsi, chifukwa za kumadera achisanu ngati Hokkaido zimadyedwa ndi mchere umene amathira mumsewu. RX-8 ndiye nkhani ina: injini yake ndi ya rotary, ilibe mapisitoni, ndipo ikatha mphamvu imavuta kulira itatentha. Popanda zotsatira za compression test, yoyeza mmene injini ikupanikizira mpweya, musaigule, komanso ganizirani kaye makaniko amene adzaigwire kuno. Galimoto iliyonse yomwe anaitsitsa kwambiri kuti iyandikire pansi idzatha ndi mahampu ndi maenje athu.

Musanatumize ndalama, funsani ku MRA kapena kwa ejenti wodziwika kuti msonkho ukhala zingati. Amatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye Fairlady yakale ya malita 3.5 ikhoza kukulizani pa boda ngakhale munaipeza motchipa. Onaninso ngati mtengo ndi wa FOB kapena CIF. Wa CIF ndiwo uli ndi ndalama ya sitima ndi inshuwalansi, wa FOB ulibe. Lipirani kudzera ku banki, ku akaunti ya kampani yomwe ili pa invoyisi, osati ya munthu.

Zambiri zimatsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Apa musaumire: ikwezeni pa keriya, lole yonyamula magalimoto. Dalaivala wongomulemba ganyu akakhala pa chiwongolero cha WRX, msewu wonsewo ali yekha, mudzalandira klatchi yopsa.

Ikafika, msonkho utalipiridwa, pitani nayo kupolisi akaiyendere, kenako ku Road Traffic kukalembetsa. Musanayambe kuiponda, sinthani oyilo ndi mafyuluta onse, ndipo ngati ndi Subaru ya injini ya EJ, lamba wa taimingi naye asinthidwe, kupatula ngati pali umboni woti anasinthidwa posachedwa. Zambiri mwa galimotozi zinapangidwira petulo wa octane yokwera wa ku Japan, ndiye mukamva injini ikugogoda pokwera chitunda, chotsani phazi, mupite nayo kwa makaniko wokhala ndi kompyuta.