Momwe mungachunire miyendo ya galimoto yaliwiro kuti isamadye matayala

Matayala awiri akumbuyo a Toyota 86 yanga anatha ndisanawadyerere. Ukaima pambali n'kuwayang'ana, mano anali onse. Tsiku lina nditagwada kuti ndione chimene chinkagogoda kunsi, ndinapeza kuti m'mphepete mwake chamkati mwasalala ngati chikhatho, mawaya atatsala pang'ono kutuluka. Aliyense amene ndinamuonetsa anati vuto ndi camber, kupendekeka kwa tayala. Titaikweza galimotoyo pa makina a alayimenti, oyeza ndi kuchunira miyendo, camber inali m'malo mwake. Chimene chinasokonekera chinali toe, kumene matayala aloza. Kuchokera tsiku limenelo ndimauza aliyense wa galimoto zotere kuti camber imangosankha mbali imene tayala lidyekere, koma chimene chimalipala msanga ndi toe.

Ndigwiritsa ntchito 86, imene inatuluka mu 2012 pamodzi ndi inzake Subaru BRZ, chifukwa ndi imene ndikuidziwa. Njira yake ndi yomweyo pa Toyota Altezza, Mazda MX-5 kapena Subaru Impreza, manambala okha ndi amene amasiyana.

Choyamba: werengani tayala musanapite kugalaja

Pindani chiwongolero mpaka kumapeto kuti tayala lakutsogolo lionekere lonse. Kumbuyo muyenera kugona pansi ndi tochi, palibe kuchitira mwina. Yezani kuya kwa mano malo atatu: chakunja, pakati ndi chamkati, ndipo lembani manambalawo.

Ngati ladyeka m'mphepete monse muwiri koma pakati pali bwino, mpweya umakhala wochepa. Ngati ladyeka pakati pokha, mumapopa mopyola. Ngati lili ndi zigambazigamba zokumbika mozungulira, kayikirani mashoko kapena kubalansa. Zitatu zonsezi alayimenti singazithetse, ndipo mukapita nazo pa makina mungotaya ndalama.

Kenako yendetsani chikhatho pamwamba pa mano, kuchokera kunja kulowa mkati, n'kubwereranso. Ngati mbali ina dzanja likutsetsereka bwino koma pobwerera likukodwa ngati pa mano a sowo, imeneyo ndi toe. Tayala likukhuzidwa chammbali. Ngati mbali yamkati yangotha mosalala, motsetsereka pang'onopang'ono popanda mano akuthwa, pamenepo ndiye mungaloze camber.

Chachiwiri: mpweya ndi zitsulo zakutha

Popani matayala ali ozizira, molingana ndi kapepala kamene kali pa chimango cha chitseko cha dalaivala. Pa 86 ya matayala a 215/45R17 ndi 240 kPa, imene ndi 2.4 bar kapena 35 psi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Mukatero kwezani galimoto pa jeke. Gwirani tayala kumanja ndi kumanzere, ligwedezeni. Likamasewera, onani matairodi, zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala. Ligwireninso pamwamba ndi pansi. Likamasewera, ndi bolojointi (mfundo ya mwendo) kapena bering'i. Onaninso mabushi, mphira wa m'malumikiziro a miyendo, ngati ang'ambika ndi rimu ngati yapindika. Galimoto zambiri zotere zimafika kuno zitayenda kale ku Japan, n'kuwonjezerapo ulendo wautali wochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ndiye mabushi ake sakhala atsopano. Kuchuna miyendo yosewera n'kutunga madzi ndi dengu: manambala amakhala bwino pa makina, mukangoponda hampu yoyamba abwerera kwawo.

Chachitatu: dziwani zimene makina akuyeza

Camber ndi kupendekeka kwa tayala mukaliyang'ana kuchokera kutsogolo. Pamwamba pake pakapendekera mkati, nambala imakhala ndi kamzere kochotsera, monga madigiri -1.0. Galimoto yaliwiro imafuna kupendekeka kotereku chifukwa ikamakhota thupi limagonera kunja, ndipo tayala lakunjalo limafika pogona bwino pa tala pa nthawi imene likufunika kwambiri. Pa msewu wowongoka mbali yamkati ndi imene imasenza katundu wambiri.

Caster ndi kugonera kumbuyo kwa mzere umene tayala lakutsogolo limazungulirapo pokhota. Ndi imene imabweza chiwongolero pakati mukamaliza kona. Payokha sidya matayala kwenikweni, koma ikasiyana mbali ziwirizi galimoto imakokera kumbali imene caster ili yochepa.

Toe ndi kumene matayala aloza mukawayang'ana kuchokera pamwamba. Akayang'anizana kutsogolo ngati munthu wa mapazi olowa mkati, ndi toe-in. Akatayana, ndi toe-out. Apa ndiye pagona nkhani, ndipo masamu ake ndi osavuta. Pa rimu ya mainchesi 17, kusiyana kwa milimita imodzi yokha pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo kwa rimu ndi pafupifupi madigiri 0.13. Tayala lotero limafuna kupatuka mamita 2.3 pa kilomita iliyonse, koma galimoto imalikakamiza kuyenda mowongoka. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre, ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 300, ndiye kuti lakanizidwa kupatuka mamita pafupifupi 700. Gawo lina mphira umalimeza popindika, koma lotsalalo ndi kukhula pa tala. Iyi ndi milimita imodzi. Dzenje limodzi labwino la nthawi ya dzinja likhoza kusuntha toe kuposa pamenepo.

Choopsa kwambiri ndi toe-out ikakumana ndi camber yopendekera mkati. Camber yaika kulemera konse pa kamzere kamkati, toe-out ikubwera kudzapala kamzere komweko. Ndi zimene zinachitikira matayala anga.

Chachinayi: sankhani manambala anu

Buku la galimoto yanu ndiye poyambira. Pa 86, kampani inaika camber yakutsogolo pafupi ndi 0, yakumbuyo yopitirira pang'ono -1, toe yakutsogolo pa 0, ndipo kumbuyo toe-in ya mamilimita 2 matayala onse awiri pamodzi. Vuto ndi loti malire amene amaloledwa ndi otambalala. Makina akhoza kuonetsa zobiriwira, kutanthauza kuti manambala ali m'malire, ponseponse pamene tayala lina laloza mkati, lina kunja. Musakhutire ndi mtundu wobiriwira. Funani nambala yeniyeni, yofanana mbali zonse.

Kwa munthu woyendera galimoto yake tsiku ndi tsiku koma wofuna kuti izigwira bwino pa makona a ku Zomba kapena pokwera Chiweta, ine ndimasankha izi: camber yakutsogolo pakati pa -1.0 ndi -1.5, yakumbuyo isapitirire -1.5, toe yakutsogolo 0, kumbuyo toe-in ya milimita 1 mpaka 2 onse pamodzi. Kumanja ndi kumanzere camber isasiyane kupitirira theka la digiri, ndipo ikachepera pamenepo ndi bwino koposa.

Kumbuyo musalole toe-out ngakhale pang'ono. Galimotoyi imakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo toe-out imachititsa kuti kumbuyo kuzifuna kutsogola mukaponda mabuleki pa kona, makamaka kukagwa mvula. Iyi si nkhani ya matayala okha, ndi ya moyo.

Anzathu a ku Joni amene amakathamangitsa galimoto pa bwalo la Zwartkops amafika pa -2.5 kapena -3, ena n'kuikako toe-out pang'ono kutsogolo kuti galimoto izilowa kona mofulumira. Pa bwalo zimenezo n'zoyenera, chifukwa kumeneko tayala limadyeka chakunja. Kuzikopera n'kumayenda nazo pa M1 ndi kuwotcha ndalama.

Dziwaninso chimene galimoto yanu imalola kusintha. Pa 86 yosasinthidwa, chimene chimachunika ndi toe yokha, kutsogolo ndi kumbuyo. Kuti musinthe camber yakutsogolo pamafunika mabawuti apadera a pa shoko, ndipo yakumbuyo imafuna mikono yapansi yochunika. MX-5 ndi yosiyana: ili ndi mabawuti ozungulira chokhota amene amalola kuchuna camber, toe ndi caster yakutsogolo. Ngati munatsitsa galimoto ndi masipuling'i aafupi, camber yawonjezeka yokha ndipo toe yasuntha. Ambiri amatsitsa Loweruka, Lolemba ali pamsewu osayezetsa, pakatha miyezi ingapo n'kumati matayala a masiku ano ndi achinyengo.

Chachisanu: mukafika kugalaja

Pitani kumene kuli makina oyeza matayala anayi onse, osati awiri akutsogolo okha. Tsitsani katundu wa m'buti, mafuta akhale theka kapena kupitirira. Apatseni amakaniko pepala la manambala anu mwaulemu, ndipo gwirizanani zinthu ziwiri asanagwire sipanala. Choyamba, kodi toe imene ikuoneka pa kompyuta ndi ya tayala limodzi kapena onse awiri pamodzi? Mukasokoneza apa mulandira toe yowirikiza kawiri. Chachiwiri, kodi makinawo akuwerenga madigiri ndi mamineti kapena madigiri a dontho? 0°30' ndi theka la digiri, kutanthauza 0.5, osati 0.3.

Ntchito iyambire kumbuyo: camber ngati imachunika, kenako toe. Akamaliza abwere kutsogolo, chiwongolero chitamangidwa pakati penipeni: caster, camber, ndipo toe ikhale yomaliza, chifukwa mukakhudza camber toe imasuntha. Atembenuze matairodi onse awiri, osati limodzi. Mabawuti a mabushi amangidwe galimoto itaponda pansi ndi kulemera kwake konse. Akamangidwa ili lende m'mwamba, bushi limapotoka n'kung'ambika msanga. Akamanga, ayang'anenso manambala, poti kumanga komweko kumatha kuwasuntha.

Musachoke opanda pepala losindikiza loonetsa mmene zinalili ndi mmene zilili tsopano. Galaja imene inandichunira ulendo woyamba sinandipatse kalikonse, ndipo sindinaumirire. Ndikanakhala ndi pepalalo ndikanaona kuti kumbuyo sanakhudzeko n'komwe. Ngati akonza kwambiri, apempheninso akhazikitse sensa ya chiwongolero, kuti kompyuta yoteteza kutsetsereka idziwe pamene pali pakati.

Chachisanu ndi chimodzi: kuyeza ndi ulusi kunyumba

Iyi si njira yolowa m'malo mwa makina, koma imakuuzani ngati dzenje la dzulo lasokoneza kanthu. Imikani galimoto pa simenti yosalala, chiwongolero chili pakati. Kokani ulusi mbali zonse ziwiri, pa msinkhu wa pakati pa rimu. Ulusi uwiriwo utalikirane mofanana kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto. Samalani apa: pa 86 matayala akutsogolo atalikirana mamilimita 1,520 pamene akumbuyo ndi 1,540, choncho mpata wochoka pa ulusi kufika pakati pa rimu uyenera kukula ndi mamilimita 10 kutsogolo, mbali iliyonse. Tengani rula yachitsulo, yezani kuchokera pa ulusi kufika pa mlomo wa rimu chakutsogolo, kenako chakumbuyo. Nambala yakutsogolo ikakula, ndi toe-in. Ikachepa, ndi toe-out.

Chomaliza: iyendetseni, kenako muziyezabe

Pezani msewu wowongoka wopanda magalimoto ambiri. Chiwongolero chikhale pakati, ndipo galimoto isakoke. Poti timayenda kumanzere ndipo misewu imapendekera kumbali kuti madzi azitsika, kutsetserekera kumanzere pang'onopang'ono si vuto. Kukoka kolimbana ndi manja ndiko vuto. Ikakoka pamene manambala ali bwino, sinthanitsani matayala awiri akutsogolo kwa kanthawi. Kukokako kukatembenuka, vuto lili m'tayala.

Pakatha makilomita 2,000 yezaninso mano malo atatu aja n'kufananitsa ndi zimene munalemba. Chamkati chikamatsogola pang'ono, ndi mtengo wa camber ndipo ungapiririke; chikhatho chikayamba kukodwa, bwererani pa makina. Sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse ngati saizi ndi imodzi, ndipo matayala okhala ndi muvi wosonyeza kozungulira akhalebe mbali yawo yomweyo. M'ngalande za tayala muli timizere totundumuka pa mamilimita 1.6. Mbali yamkati ikafika pamenepo tayalalo latha, ngakhale kunja kukuoneka kwatsopano.