Masensa m'ka nebulizer kam'manja

Ndakhala ndikuyesa kupanga ka nebulizer (kachipangizo kosandutsa mankhwala amadzi kukhala nkhungu yoti munthu apume) ka odwala mphumu, koti kazitulutsa nkhungu pokhapokha munthu akakoka mpweya. Pakadali pano ndikuyesera madzi amchere okha. Chinandisautsa ndi malo: kabokosi kake n'kongoposa pang'ono ka machesi, mawaya anadzaza tho, chivindikiro osatsekeka.

Ndinachotsa thermistor (sensa ya kutentha) ndi sensa ya chinyezi n'kuika sensa imodzi ya BME280 m'kapaipi kodutsa nkhungu, ya mamilimita 2.5 basi, yoyeza kutentha, chinyezi ndi kupanikiza kwa mpweya. Ina ndinaiika kunja kwa kapaipi kuti ndiziyerekeza miyezo ya m'kati ndi ya kunja. Zonse ziwiri zimagwiritsa mawaya omwewo a I2C (njira yotumizira mauthenga pakati pa zipangizo), koma zinkalimbirana adiresi (nambala yozindikirira sensa) 0x76 mpaka ndinalumikiza kamwendo ka SDO ka yachiwiriyo ku kamwendo ka magetsi ka VDDIO, ndipo inasamukira pa 0x77.

Yam'kapaipi inkanyowa ndi nkhungu. Ndinaiphimba ndi kansalu ka pulasitiki ya PTFE, kodutsa mpweya koma kotchinga madontho.